Che Sumaili ndi Nambala ya Jafali

Amalume anga Che Sumaili tinawaika m'manda mwezi wathawu ku Nkholongue, ndipo ndineneretu kuti sindinawakhululukire zonse. Pamaliro anthu ankati tataya munthu wofatsa. Onena zimenezo ndi ana a dzana, amene anawapeza atatha mano ndi mphamvu. Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ndinakulira pakhomo pawo, ndinakwatiwa chapafupi pomwepo, choncho ukali wawo ndinaulawa ukadali wotentha. Anali munthu wouma mutu, wosamva za mnzake, ndipo pa nkhani imodzi anachita nkhanza. Komabe chiikireni malirowo ndimangopezeka m'mawa ndatsira tiyi m'makapu awiri.

Miyezi yawo yomaliza anaithera pamphasa, miyendo itakana. Mwana wanga Amadu ali ndi kagolosale kotchajira mafoni a anthu pa sola, ndipo ndiye amawaikiramo nyimbo ndi magemu, amene kwathu kuno timati majogo. Tsiku lina anabwera ndi foni yakale kuti agogo akewo azitayirako nthawi. Ine ndinati akutaya foni, chifukwa munthu wa zaka zimenezo aidziwira kuti? Ndinalakwitsa. Amalume anaigwira ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale, ndipo anayamba kuweruza majogowo limodzilimodzi, mopanda chisoni.

Galasi la foni silinkamva zala zawo. Ntchito yawo moyo wonse inali kalafati, kukhomera thonje lonyika m'mafuta m'ming'alu ya ngalawa kuti isalowe madzi, ndipo zala zinauma ngati makungwa. Ankachita kunyambita chala chachikulu kuti foniyo iwamvere. Jogo la mpira analikana tsiku lomwelo. Anati anthu amene amathamanga osatopa, osatukwana woimbira, osapempha madzi, si osewera mpira koma ziwanda. La magalimoto linawaseketsa mpaka kutsokomola, chifukwa galimoto inkagubuduzika kuphompho n'kudzukanso yosaphwanyika ngakhale nyali. La ulimi analisewera sabata yathunthu. Nkhuku zake anazikonda, koma chimanga chimene chinkacha munthu asanamalize tiyi chinawanyansa, ndipo anati amene anachipanga sanayambe wathamangitsapo anyani m'munda. Pomaliza anati ndi bodza lonamiza anthu anjala, nalisiya.

Panali lina lofananitsa zipatso zamitundumitundu. Limeneli ankati ndi la amayi, koma ndinkawapeza akulisewera atafunda kumutu, foni ikulira m'bulangete. Chimene chinkawakayikitsa n'chakuti linkawayamikira pa chilichonse, ngakhale atalakwitsa. Ankati munthu amene amakuombera m'manja usanachite kanthu, yang'ana thumba lako.

La mfuti ndi limene linatisokonezera tsiku. Amadu ndiye ankasewera, iwo akuonerera. Msilikali wa m'fonimo anawomberedwa, nagwa, galasi lonse linafiira. Posakhalitsa anaimanso pachipata, mfuti yatsopano ili m'manja. Amalume anamuuza Amadu kuti abwereze. Anabwereza, msilikali anafanso, nadzukanso. Amalume anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Akauka choncho, amapita kwawo?"

Amadu anati ayi, amabwerera kunkhondo komweko. Amalume anakankhira foni kumbali, natembenukira kukhoma. Tsiku limenelo sanadye. Amadu sanamvetse chimene analakwa, chifukwa anabadwa nkhondo itatha, ndipo za Jafali amangozimva ngati za munthu wa m'mudzi wina.

Jafali anali mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga. Koma kuti ndimufotokoze bwino ndiyenera kuyamba ndi kajogo, chifukwa kwa amalume majogo onse a m'foni anali ana aang'ono poyerekeza ndi kameneko.

Zaka za nkhondo yapachiweniweni, m'masitolo a ku Metangula munalibe kanthu, ndipo ndalama inali pepala chabe. Asilikali a panyanja ankabwera kumudzi ndi chilichonse chimene anali nacho, sopo, nsapato, malaya, kudzasinthanitsa ndi nsomba. Mmodzi wa iwo, mnyamata wa kummwera wolankhula Chipwitikizi chokhachokha, anasiyira amalume kachinthu kapulasitiki kokwana m'chikhatho, natenga akampango owamba amene akanatidyetsa masiku angapo. Akazi a amalume, Abiti Amidu, anakalipa mpaka anthu a kudooko anamva. Anafunsa ngati kachinthuko tikaphike ndi tomato kapena tingokakazinga. Koma maso a amalume anali atalowa kale m'kagalasi.

M'kagalasimo munali bwato, ndipo m'bwatomo munali kamunthu kakuda kokhala ndi chokapira. Madzi ankatulukira apa, kenako apo, kenako uko, ndipo iwe unkadina mabatani awiri kuti kamunthuko kathamangire pamene patulukira madzi. Ukakapa bwino kankalira ti, ti, ti, nambala ya pakona n'kumakwera. Koma nambala ikamakwera, madzinso ankafulumira. Ukaphonya katatu bwato linkamira, kamunthu n'kukweza manja m'mwamba. Basi, jogo lonse linali limenelo. Panalibe kupambana, panali kungochedwetsa kumira.

Amalume anakatenga ngati chipongwe pa ntchito yawo. Ankati atapatsidwa bwato limenelo tsiku limodzi lokha, kamunthuko kakanapuma. Ankatinso amene anapanga kajogoka ankaidziwa nyanja koma analibe chifundo, chifukwa anajambula mafunde, anajambula mitambo, koma sanajambule mtunda. Anafunsa msilikali uja, kudzera mwa mphunzitsi wotanthauzira, ngati pali munthu amene anafikitsapo bwatolo kumtunda. Msilikaliyo anaseka, nati palibe. Amalume sanakhulupirire. Anati ngalawa iliyonse ili ndi kumene ikupita, ndipo ngati mtunda sukuoneka ndiye kuti nambala sinakwane.

Mudzi wonse unakagwirako. Amuna anaiwala bawo kwa kanthawi. Ngakhale shehe wa pamzikiti pathu, amene ankadandaula kuti kulira kwake kukuchedwetsa anthu ku swala, anakalandira tsiku lina kuti aone choipa chake, ndipo anakabweza dzuwa litapendeka. Koma amalume sankabwereketsa kwa aliyense. Ukakhala ndi manja a nsomba unkayamba wasamba, ukakhala unawatsutsa pa mlandu wina chaka chatha unkangoonerera.

Kajogoko kanali ndi khalidwe limodzi: kankasunga nambala yaikulu kuposa zonse. Ukadina kabatani kakang'ono ka pamwamba, inkaoneka nambala ya munthu amene anakapa madzi kuposa anzake onse, ndipo inkakhala pomwepo mpaka wina ataipyola. Kwa nthawi yaitali nambala imeneyo inali ya amalume, ndipo ankaionetsa alendo asanawapatse n'komwe madzi akumwa. Kenako tsiku lina masana Jafali anakhala pa ngalawa yovundikira, nasewera osadzutsa mutu, mkazi wake Zaina akumuitana kuti adzadye iye osamva. Anali atangokwatira kumene. Pamene bwato lake linkamira, nambala ya bambo ake inali itatsala kutali kumbuyo.

Bambo wina akananyadira. Amalume anakwiya. Anati mwanayo wabera, anati dzuwa linamuthandiza kuona bwino, anati mabatani afewa chifukwa cha zala zawo iwo. Anakhala osamulankhula, chakudya akudyera mbale imodzi. Jafali ankangoseka. Anali munthu woseka ndi mapewa, mawu osatuluka, ndipo ankadziwa kuwaputa bambo ake popanda kuwachitira mwano.

Masiku amenewo chinangwa chinali chitachepa, ndipo anthu ankasenza usipa wouma kukwera nawo phiri kupita ku Maniamba kukasinthanitsa ndi chimanga. Aliyense ankadziwa kuti njira imeneyo ndi yoopsa, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa umene Jafali ankanyamuka ndi anzake, anapeza bambo ake pakhonde akulimbana ndi kajogo. Anaima, mtolo uli pamutu, nati:

"Baba, ndikabwera ndipeze mwaipyola. Mukalephera, mundigulire fodya."

Amalume anangoti hm, osakweza maso. Ndi mawu omaliza amene anamuyankha mwana wawo.

Mwa amene anapita, ena anabwerako opanda katundu, mapazi atatupa. Anati anthu a mfuti anawatulukira m'tchire pokwera phiri. Okalamba anawamenya n'kuwasiya, anyamata anawasenzetsa katundu n'kulowa nawo m'thengo. Mmodzi anati anamuona Jafali akuyenda ndi miyendo yake, thumba lili pamutu, wamoyo. Palibe anaona mtembo. Mawu akuti wamoyowo ndi amene anatizunza zaka zonse zotsatira, ndipo nthawi zina ndimalakalaka munthu uja akanangokhala chete.

Kuyambira tsiku limenelo amalume analeka kusewera. M'mawa uliwonse akachoka ku swala ankatulutsa kajogo m'chitini cha tiyi, kufunyulula kansalu, kudina kabatani ka pamwamba, kuyang'ana nambala ya Jafali, n'kukabwezeramo. Sankalola munthu kukagwira. Ankati nambala ikadalipo, mwini wake abwera kudzaiteteza, chifukwa mwana ameneyo sangalole kuti nkhalamba imupose. Poyamba tinkati ndi mmene bambo akulirira. Patapita chaka tinazindikira kuti sakulira ayi, akudikira, ndipo akufuna kuti tonse tidikire nawo.

Chithunzi cha Jafali panalibe. Zovala zake zinali ziwiri, china anavala popita. Sankadziwa kulemba, moti panalibe ngakhale pepala la dzanja lake. Chimene manja ake anasiya padziko chinali nambala imeneyo basi, ndipo zimenezi ndimazimvetsa. Chimene sindimvetsa ndi mmene amalume anaigwiritsira ntchito kumangira anthu amoyo.

Woyamba kumangidwa anali Zaina. Sanali mkazi wa munthu, sanalinso namfedwa. Shehe anabwera kangapo kudzafotokoza kuti chipembedzo chili ndi njira: nthawi ikapita yaitali munthu osamveka, amamupempherera ngati womwalira, achibale amachita sadaka, ndipo mkazi amamasuka. Amalume ankamulandira bwino, kumupatsa mpando, kumumvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kumufunsa za mitengo ya thonje. Atabwera amalume ake a Zaina zinthu zinafika poipa. Mkuluyo anati mwana wawo si mbuzi yoti aimangirire pachikhomo mpaka ikalambe. Che Sumaili anaimirira, nati:

"Ndionetseni manda, ndikuonetseni mpunga wa sadaka. Mpunga wa munthu wamoyo ine sindiphika."

Anthuwo anachoka osatsanzika. Zaina anapitiriza kutunga madzi a apongozi ake, nkhope ikutha tikuona.

Wachiwiri anali Abiti Amidu. Iwo mumtima anali atavomera kale. Anandiuza tikusenda chinangwa kuti mayi amadziwa, ndipo chimene akufuna n'chakuti awalole kulira pamphasa ya maliro, anzawo atawazungulira, osati kulirira kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba. Kajogo ankadana nako. Ankati mwana wawo anamubereka ndi ululu, si wa m'chitini. Mbiri ikamveka kuti a mfuti atsika phiri, anthu ankathawira tsidya la nyanja, ena ku Likoma, ena ku Nkhotakota, ndipo mudzi unatsala ndi nyumba zochepa zofuka utsi. Abiti Amidu anapempha kuti nawonso awoloke. Amalume anati mwana akabwera apeze ndani. Choncho anakhala, akubisala m'bango pakamveka mfuti, chitini cha tiyi chili m'khwapa mwa amalume.

Kenako nambala inayamba kuzilala. Poyamba unkafunika kupendeketsa kagalasi kuti uione, kenako unkafunika kutuluka nako panja. Mapilya, ndiye kuti mabatire, anali kutha. Sanali a wailesi amene tinkawadziwa, anali awiri ang'onoang'ono ngati mabatani a malaya, ndipo ku Metangula konse kunalibe. Wina anati ku Likoma kuli munthu wokonza mawotchi amene amakhala nawo. Amalume, amene anakana kuwoloka kuti apulumutse moyo wa akazi awo, anapeza malo m'ngalawa yopita ku Cobue, powolokera ku Likoma, mawa lake lomwelo. Inali nyengo ya mwera, mafunde akulowa m'ngalawa, choncho anaopa kuti kajogo kanyowa. Kwa nthawi yoyamba anakasiya. Anapereka chitini kwa akazi awo ndi manja awiri, nati asalole kuti nambalayo izime.

Ulendowo unatenga nthawi kuposa mmene tinkaganizira. Abiti Amidu, amene anali asanakagwirepo chibwerere, anayamba kutsegula chitinicho m'mawa uliwonse. Sankadziwa kuwerenga, koma maonekedwe a nambalayo anawazolowera, ndipo ankaona kuti tsiku lililonse ikunka nithawa. Mantha anawagwira kuti ifera m'manja mwawo. Ndiye anachita chimene munthu aliyense wanzeru kwathu akanachita. Zaka zimenezo mapilya a wailesi akafooka tinkawatulutsa n'kuwayanika padzuwa, madzulo ake wailesi n'kulankhulanso. Aliyense ankadziwa zimenezo, ngakhale mwana. Anatenga nsonga ya mpeni, natsegula kachitseko ka kumbuyo, natulutsa timapilya tija, natiika m'mbale pamwala woyanikapo chinangwa. Anakhala pambali pake tsiku lonse kuingitsa nkhuku.

Anandiitana atabwezeramo kale timapilyato. Ndinawapeza akumwetulira, ndipo ndinali ndisanawaone akumwetulira chichokere Jafali. Kajogo kankalira mwamphamvu, bwato likuoneka bii ngati latsopano. Dzuwa linali litagwira ntchito yake. Anati tsopano bambo a Jafali akabwera aone kuti nawonso amatha kusamala mwana. Anadina kabatani ka pamwamba, nayang'ana, nadinanso. Kenako anandipatsa.

"Asiyatu, iwe unapitako kusukulu. Tawerenga. Sikuoneka ngati ija."

Panali ziro. Ndinadina kangapo, ndinagwedeza, ndinapendeketsa, panali ziro yemweyo. Ndinawauza. Sanalire. Anakhala pansi pomwepo pafumbi, nafunsa ngati tikatiyanikanso mawa ibwerera. Ndinati sindikudziwa, koma ndinkadziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Amalume anafika patapita masiku, atawonda, milomo itang'ambika ndi mphepo, timapilya tatsopano atatimanga pa ngodya ya mpango. Asanakhale n'komwe anaitanitsa chitini. Abiti Amidu anagwada, nafotokoza zonse, osabisa kanthu. Amalume anadina kabatani, nayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali chiimire pakhomo, ndikuyembekeza kuti akalipa monga mwa masiku onse, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Koma analankhula mofatsa, ngati akufunsa za nyengo:

"A mfuti anangomutenga. Mwamupha ndinu."

Mawu amenewo sanawabweze mpaka akazi awo anamwalira. Ankadya chakudya chawo, ankagona nyumba imodzi, koma sanawaitanenso kuti amake Jafali. Anangokhala Abiti Amidu, ngati mayi wa pamsika. Mayiwo anakhulupirira kuti analakwadi. Analeka kupempha sadaka, analeka kupempha kuwoloka, analeka kukalipa, ndipo amene ankawadziwa kale anadziwa kuti munthuyo watha. Anamwalira zaka zochepa nkhondo itatha, atapepuka ngati mtolo wa bango.

Tinkaganiza kuti nambala itafafanizika, amalume agonja, alola kuti mwana apemphereredwe. Iwo anaika timapilya tatsopano tija n'kuyambanso kusewera. Nambala ya Jafali ankaidziwa pamtima, ndipo anati aibwezeretsa pamalo pake ndi zala zawo, osapyola, osaperewera, kenako asiye bwato limire. Anasiya kalafati. Asodzi ankabwera kudzawapempha kuti ngalawa zikulowa madzi, iwo n'kuwauza kuti adikire amalize. Ankakhala pamthunzi kuyambira m'mawa, ti, ti, ti, thukuta likutsika m'ndevu. Koma zala zokhomera thonje si zala za mnyamata. Ankafika chapakati, madzi n'kuwachulukira, kamunthu n'kukweza manja. Ankatukwana pang'ono, kupempha Mulungu chikhululukiro, n'kuyambiranso. Sanayandikire n'komwe. Timapilyato tinatha nkhondo isanathe, ndipo ulendo wachiwiri wa ku Likoma sanaupite.

Zaina anachoka m'nyengo yomweyo. Abale ake anabwera ndi bwato, namutenga, popanda sadaka, popanda mawu a apongozi. Ndinamva kuti anakwatiwa tsidya lija ndipo anabereka ana. Amalume sanatchulenso dzina lake. Ine sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, ndipo ndikanakhala iye ndikanachoka kale.

Mtendere utabwera, anthu anayamba kubwerera, ena kuchokera tsidya, ena kutuluka m'thengo ataonda, maso ali pansi. Amalume ankayenda wapansi kupita ku Metangula akangomva kuti kwafika galimoto yochokera kumtunda. Ankaima pamene anthu amatsikira, kuyang'ana nkhope iliyonse, ndi kufunsa anyamata amene anali kunkhondo ngati anakumanapo ndi munthu woseka ndi mapewa. Wina ankati anamva za wotero kumpoto, wina ankati kummawa, wina ankangopempha fodya. Mabanja ena analandira ana awo, ena analandira mbiri ya manda. Ife sitinalandire chilichonse mwa ziwirizi.

Atakalamba anafewa pa zinthu zambiri. Ankasungira ana a anthu mango, ankaphunzitsa anyamata kalafati kwaulere ngakhale ankawanena kuti manja awo ndi oyenera kusenda nthochi. N'chifukwa chake pamaliro ankati anali wofatsa. Pa nkhani ya sadaka yokha sanasunthe. Shehe wakale anamwalira, anabwera wina, nayenso anayesa, nalephera. Amadu anapeza timapilya totere ku Lichinga, koma atatsegula kajogo anapeza m'kati muli dzimbiri lokhalokha, kagalasi katada mbali imodzi. Anawapezera m'foni jogo lofanana nako pang'ono. Amalume analisewera kamodzi, nati kulira kwake si komweko, ndipo nalonso lilibe mtunda.

Chimene ndinayamba nacho, chakuti sindinawakhululukire, chinabwera tsiku lotsatira lija la jogo la mfuti. Ndinawapititsira phala, ndinawapeza akadayang'ana kukhoma. Anandiuza kuti ndikhale. Anati pali chimene wokonza mawotchi wa ku Likoma anawauza powapatsa timapilya tija. Munthuyo anawachenjeza kuti tinthu totere tikangochotsedwa mapilya akale, timaiwala zonse, ndipo palibe njira yozembera. Ndiye kuti ulendo wonse wobwerera, m'ngalawa muja, ankadziwa kuti nambala ya Jafali yapita kale. Akaisiya izilala yokha, akasintha mapilya aifafaniza ndi dzanja lawo. Anati anafika kunyumba asanasankhe, ndipo anapeza wina atawasenzera kale katunduyo.

Ndinaganiza za mayi uja atakhala pafumbi, za zaka zonse zimene anayenda chowerama pakhomo pake pomwe. Ndinafunsa chifukwa chimene sanawauzire akazi awowo, ngakhale pamene ankadwala, ngakhale tsiku lomaliza. Anayankha osatembenuka:

"Ndikanamuuza, mwana wa mlongo wanga, ndikanakwiyira ndani?"

Ndinanyamula phala langa n'kutuluka. Tsiku limenelo anawadyetsa ndi Amadu. Mawa lake ndinabwerera, chifukwa munthu wodwala sungamusiye, ndipo sitinaikambenso nkhaniyo. Akuluakulu amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma ine ndinakhala moyang'anana ndi tsidya limenelo moyo wanga wonse, ndikuganiza kuti ndikulidziwa. Ndinkawakonda, ndipo ndikawakumbukira mtima umandiwawa pawiri, chifukwa cha iwo ndiponso chifukwa cha amene anawapweteka.

Nambala ija sanainene kwa munthu. Ine ndinaiona kambirimbiri, koma ndayesa kuikumbukira, yakana. Pokonza sadaka ya masiku makumi anayi, shehe anafunsa ngati tingatchulemo ndi Jafali, poti wokana uja kulibenso. Tinavomera mosavuta, moti ndinachita manyazi. Anatchula maina awiriwo motsatizana, anthu anati amina, nadya mpunga. Mtsikana wina amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza kufunsa kuti Jafaliyo ndi ndani, ndipo ngati anamwalira posachedwa.

Nyumba za kwathu zimayang'ana kunyanja, chifukwa n'kumene kumachokera chakudya ndi alendo. Ya amalume ili ndi khomo lachiwiri kumbuyo, loyang'ana kuphiri, kumene njira ya ku Maniamba imatsikira. Analiboola okha ndi nkhwangwa chaka chimene Jafali anatengedwa, ndipo sanaikepo chitseko, koma kamkeka kolendewera, kuti munthu akafika atatopa asavutike kugogoda. Nyumbayo anaimanganso kawiri, ndipo kawiri konse khomolo analisiya. Mvula inkalowera pomwepo, mbuzi zinkalowera pomwepo, iwo osalola kuti patsekedwe. Kanjira kochokera pakhomopo kukafika kumsewu ankakalambula okha mpaka miyendo itakana.

Tsopano nyumbayo yatsala kwa Amadu, ndipo akufuna kusungiramo maukonde ndi zipangizo za sola, zinthu zofuna loko. Anandifunsa ngati angatseke khomo la kumbuyo. Ndinafunafuna chifukwa chomukanizira, sindinachipeze. Sabata yatha anaumba zidina, dzulo anamanga, ndipo madzi okandira dothi ndinatunga ndine. Kamkeka kaja tinayatsira moto. Kanjira kayamba kale kumera udzu. Ukaima kumsewu lero n'kuyang'ana kumudzi, umaona chigamba chakuda pakhoma, poti dothi silinaume. Amadu akuti likauma n'kuzira khoma lonse, sipadzaonekanso kuti panali khomo.